Nguludi, kumene zala zinaphunzira kuwerenga

Ukachoka ku Limbe ndi msewu wa Midima wopita ku Mulanje, usanapite patali kondakitala amakuwa kufunsa ngati alipo otsika pa Nguludi Turn Off. Masiku ano otsikapo ambiri ndi anyamata ndi atsikana a payunivesite, zikwama kumsana, maso pafoni, ndipo akabaza amawalimbirana asanaponde n'komwe pansi. Ena ndi odwala opita kuchipatala cha St Joseph's. Koma ine ndikafika pamenepa ndimaona anthu ena, amene ankatsika pamalo omwewa zaka 50 zapitazo: mayi atasenza kasutikesi kachitsulo, dzanja lina atagwira mwana amene sakuona kumene akupita, kapena mwana amene akuona zonse koma sanamve kulira kwa basi imene yawatsitsayo.

Ine ndine wa konko. Mudzi wathu uli kuseri kwa mishoni, mtunda woti ukanyamuka tambala wachiwiri atalira ukafika Misa yoyamba isanayambe. Agogo anga aakazi anaidziwa Nguludi isanadzaze nyumba za njerwa. Ankatiuza za ansembe a chipani cha Montfort, amene anayamba ntchito yawo ku Nzama, ku Ntcheu, mu 1901 asanafike kuno, ndiponso za usiku wa mu Januwale 1915 pamene ankhondo a John Chilembwe anadzatentha tchalitchi, Bambo Swelsen n'kuvulazidwa. Iwo anali kamtsikana, ndipo chimene chinawakhala mumtima ndi kugona m'chimanga usiku wonse mvula ikuwakhuthukira. Mishoni inamangidwanso. Kunabwera chipatala, kunabwera koleji ya aphunzitsi yotchedwa Montfort. Zimenezi anthu amazidziwa. Chimene sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti kwa zaka zambirimbiri, pafupifupi mphunzitsi aliyense amene anaphunzitsapo mwana wosaona kapena wosamva m'sukulu za m'dziko lino, kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje, luso lakelo anakalitenga pamalo ano.

Banja lathu linalowa m'mbiri imeneyi kudzera m'chikuku. Mng'ono wanga anabadwa ndi maso abwinobwino, aakulu ngati a amayi. Ali ndi zaka 4 chikuku chinalowa m'mudzi, chinatenga ana awiri kwa amalume, iye chinamusiyira moyo koma maso chinapita nawo. Ndikukumbukira atamugoneka m'nyumba yamdima masiku ambiri, zikope zitamatirira ndi manthongo, azakhali akumudontheza madzi a masamba ena amene anakatenga kwa asing'anga. Tsiku limene anatuluka panja, pamene panali pakuda m'maso mwake panali patayera mbuu. Patapita zaka zambiri ndinadzaphunzira m'kalasi kuti chikuku chimamaliza vitamini A m'thupi la mwana, galasi la diso n'kuuma n'kuchita chilonda, ndiponso kuti mankhwala ena odontheza m'maso amangokolezera chilondacho. Tsiku limenelo ndinapempha kutuluka n'kukakhala pansi pa mtengo, chifukwa chimene mphunzitsi ankajambula pabolodi chinali diso la mng'ono wanga.

Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, ndipo makolo athu sanamutaye mwanayo. Ankadya nafe mbale imodzi, amayi ankamusankhira nthuli yofewa. Koma ntchito yake inali imodzi yokha, kukhala pakhonde ndi kandodo n'kumaingitsa nkhuku pa ufa woyanika. M'mawa ife tikamathamangira kusukulu ankatiperekeza ndi makutu. Tsogolo lake aliyense ankaliona ngakhale panalibe wolitchula, pakuti tonse tinali titawaonapo akhungu a Lachisanu ku Limbe, akuyenda khomo ndi khomo m'masitolo, kamwana kali patsogolo katagwira nsonga ya ndodo. Ndipo m'banja mwathu, kamwana kogwira ndodoko kakanakhala ine.

Amene anasintha zinthu ndi akatekisiti a m'dera lathu. Anabwera madzulo ena, anawayalira mkeka, mng'ono wanga ali pambali akuyimba nyimbo za kutchalitchi imodzi ndi imodzi osaphonya liwu. Iwo anamvetsera nthawi yaitali kenaka anati, "Bambo, mwana uyu mutu ulipo. Bwanji osapita naye kwa abulazala?" Bambo anayankha mwaulemu koma mosabisa: "Aphunzitsi, ife tamva. Koma munthu wosaona choko akalemba chiyani? Tisakamuvutitse mwana, mtolo wake ali nawo kale." Amayi sanalankhulepo, koma usiku ndinawamva akusisima. Mantha awo anali akuti azungu akangomutenga mwanayo sadzabweranso. Akatekisiti anabwera katatu. Ulendo wachitatu anatulutsa m'thumba pepala lolimba lodzaza timatuza, anagwira chala cha bambo n'kuchiyendetsa pamenepo. "Izi ndi zilembo, bambo. Ndaona ndi maso angawa mnyamata wosaona akuwerenga uthenga wa Lamulungu papepala ngati ili." Bambo analisisita pepalalo kwa nthawi, analitembenuza, anayang'ana kuseri kwake. Sabata yotsatira anagulitsa mbuzi n'kugula kabudula, malaya ndi bulangete.

Abulazala amenewa anali a chipani cha FIC, chimene chinayambika mu 1840 mumzinda wa Maastricht ku Netherlands. Siwo anayambitsa maphunziro a ana osaona m'dziko muno, ndipo tisawalande ulemu amene anayamba. M'zaka za m'ma 1950 amishoni a mipingo ina anali atatsegula kale sukulu za akhungu ku Chilanga, ku Kasungu, ndi ku Lulwe, ku Nsanje. Chimene Nguludi inabweretsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 chinali china: kutenga mphunzitsi wamba wa pulayimale, kumusula kuti adziwe kuphunzitsa mwana wosaona, n'kumutumiza kusukulu ya ana onse kuti akatsegule chipinda chimodzi chothandizira ana oterewa. Chipindacho mpaka lero timangochitchula kuti risosi. Ndi mmene mayina ngati Nazombe ku Phalombe, Makande ku Chikwawa, Nkope ku Mangochi, Nsiyaludzu ku Ntcheu, Malingunde ku Lilongwe ndi Ekwendeni ku Mzimba anadzadziwikira kwa makolo a ana osaona. Sukulu zake ndi zomwe zija za belu lachitsulo chagalimoto ndi bwalo la fumbi, kungoti pambali pali nyumba yogona ana ochokera kutali ndi chipinda cha risosi.

Mmene zinkayendera ndiyenera kufotokoza bwino, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti mwana wosaona amaphunzira payekha. Mng'ono wanga ankakhala m'kalasi limodzi ndi ana openya, benchi imodzi, mphunzitsi mmodzi, masamu amodzi. Koma asanalowe m'kalasimo anakhala kaye nthawi ku risosi kuphunzira zilembo za Braille. Zilembozi anazikonza Louis Braille, Mfalansa wobadwa mu 1809 amene nayenso anachita khungu ali mwana. Chilembo chilichonse chimachokera m'timadontho 6 toima m'mizere iwiri, titatu uku titatu uku, ndipo mwa kusintha timene tatukuka ndi timene tagona mumatuluka zizindikiro 63, zokwanira zilembo, manambala ndi zopumira. Polemba, mwana amapanikiza pepala pakati pa sileti yazibowo n'kumabaya ndi kachitsulo konga msomali. Popeza katuza kamatulukira kuseri, amalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, chilembo chilichonse chozondoka, kenaka amatembenuza pepala n'kuwerenga kuchokera kumanzere. Mwana wa zaka 9 ayenera kusunga nkhope ziwiri za chilembo chimodzi m'mutu mwake. Ine amene ndinkaona ndinavutika ndi b ndi d chaka chathunthu, iye ankachita zimenezi osadandaula.

Akamaliza kulemba ntchito ya m'kalasi, pepalalo limapita ku risosi, kumene mphunzitsi wapadera amaliwerenga n'kulemba ndi bolopeni pamwamba pa mzere uliwonse zimene mwanayo walemba, osakonza cholakwa ngakhale chimodzi, kuti mphunzitsi wa kalasi akachonge ngati mmene achongera za ena onse. Zimene zilembedwe pabolodi mawa, mphunzitsi wapaderayo amazitayipa lero madzulo pamakina a Perkins, chimakina cholemera chamabatani 6 a timadontho chimene chinayamba kupangidwa ku America mu 1951. Mapu a Malawi amawapanga ndi ulusi womata papepala, nyanja amaiwaza mchenga, mizinda ndi njere za mapira. Ntchito yonseyi siioneka kwa mlendo wodutsa pawindo la kalasi. Iye amangoona mwana wosaona atakhala pakati pa anzake n'kuyamikira. Koma ukachotsa mphunzitsi wa ku risosi uja, mwanayo amakhalabe pabenchi pomwepo, akumvetsera monga ankamvetserera pakhonde, kusiyana kwake n'kwakuti wavala yunifolomu.

Pali tinthu tina timene sitinalembedwe m'buku lililonse. Mu Juni ndi Julaye chiperoni chikatsika ku Chiradzulu, nsonga za zala zimachita dzanzi ndipo timadontho sitimveka. Ana a ku risosi ankayamba tsiku atapisa manja m'khwapa, ena akuuzira mpweya m'zikhatho, kudikira kuti zala zidzuke. Patchuthi mng'ono wanga anabwera ndi uthenga wochokera kwa aphunzitsi ake woti asamatong'ole chimanga kwambiri, chifukwa chala chikachita chikanga chimasiya kuwerenga. Amayi anaumvera uthengawo ngati lamulo la mfumu. Ife tikutong'ola mpaka zikhatho kutuluka matuza, iye ankakhala pambali akutiwerengera nkhani ya m'buku la Chichewa la sitandade 4, agogo akumudula mawu pafupipafupi kufunsa ngati zimenezo zalembedwadi pamenepo kapena akungopeka.

Ana osamva anali mbali ina ya malo omwewo. Abulazala anayamba ntchito imeneyi mu 1968, ndipo sukulu yawo ndi imene tikuidziwa kuti Maryview. Pambuyo pake panabwera Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, ndipo kumpoto Embangweni, Bandawe ndi Karonga. Ambiri mwa ana amenewa sanabadwe osamva. Makutu anapita ndi malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, kapena mafinya a m'khutu amene anangosiyidwa. Kumudzi ankawatchula mayina amene sindifuna kuwalemba pano. Njira yophunzitsira ya nthawi imeneyo, kuno ndi ku Ulaya komwe, inali yoti mwana wosamva aphunzire kulankhula ndi pakamwa ndi kuwerenga milomo ya wolankhula. Maganizo amenewa anakhazikika pamsonkhano wa ku Milan mu 1880, kumene aphunzitsi, pafupifupi onse akumva, anagamula kuti chinenero chamanja chichoke m'makalasi. Choncho mphunzitsi ankakhala ndi mwana patsogolo pa kalilole, dzanja la mwana lili pakhosi pa mphunzitsi kuti limve kunjenjemera kwa mawu, kapepala kali patsogolo pa milomo kuti aone kusiyana kwa p ndi ph. Inali ntchito ya chipiriro chachikulu, ndipo ana ena, makamaka amene anagontha atayamba kale kulankhula, anapinduladi nayo.

Koma ife ana a m'mudzi tinkaona zina pabwalo la mpira. Kumeneko manja ankauluka. Ankakangana za penate, ankanenana, ankaseka mpaka kugwa pansi, zonsezo osatulutsa liwu limodzi lomveka kwa ife. Mwana amene m'kalasi ankatha mwezi akulimbana ndi liwu limodzi, kunja ankafotokozera anzake nkhani yathunthu ya mmene basi inaferera panjira. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti aphunzitsi aja ankawafunira zabwino ana, ndipo popanda iwo anawo sakanakumana n'komwe. Komanso ndikukhulupirira kuti pankhani iyi ana ndi amene ankalondola. Chinenero chamanja cha ku Malawi chinakulira m'nyumba zogona ndi m'mabwalo a sukulu ngati zimenezi, ana akupatsirana okhaokha. Bungwe la anthu osamva la MANAD linachimenyera nkhondo zaka zambiri, ndipo mu 2021 linatulutsa dikishonale yake yoyamba. Lero mukaona womasulira pakona ya kanema nthawi ya nkhani, dziwani kuti manja akewo ali ndi makolo, ndipo ena mwa makolowo ndinkawaona akusewera mpira wachikulunga ku Nguludi.

Ine ndinakhala mphunzitsi wamba kaye. Nditaphunzitsa zaka zingapo ndinapempha kubwerera kwathu kukachita maphunziro apadera a ana osaona, ndipo ndinalowa pageti lomwe ndinkaperekezapo mng'ono wanga. Sabata yoyamba anatimanga nsalu kumaso n'kutipatsa ndodo yoyera. Anatiphunzitsa kuigwira patsogolo pa mchombo, kuigogoda kumanzere pamene phazi lamanja likuponda, kumvetsera mmene mawu amasinthira ukayandikira khoma, kuzindikira khitchini ndi fungo la utsi ndi njira ya kutchalitchi ndi miyala ya pansi. Ndinagunda mtengo, ndinagwera m'ngalande, ndinakhetsa nyemba pamalaya. Madzulo ake ndinakumbukira kangati konse ndinamukoka mng'ono wanga padzanja ngati mbuzi yopita kumsika, osadziwa kuti munthu wosaona ndiye amagwira chigongono cha womutsogolera, yekha n'kumatsatira theka la phazi m'mbuyo. Nditamupepesa anangoseka. "Achimwene, munkandikoka koma munkandifikitsa."

Chaka cha 1994 chinatembenuza zonse. Mu Juni, mayiko 92 anasonkhana ku Salamanca, ku Spain, n'kugwirizana kuti ana aulumali aziphunzira m'sukulu za kwawo limodzi ndi anzawo. Chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kupitirira. M'chikhamu chimenecho munabweranso ana amene kale ankatsala pakhonde, chifukwa kholo limene silikanataya ndalama ya fizi pa mwana wolumala tsopano linalibe chotaya. Anabwera okwawa, akhunyu, osaona bwino, osamva bwino, ochedwa kugwira zinthu. Anapeza kalasi la ana 150 pansi pa mtengo wa mango, ndi mphunzitsi amene mwina anangophunzitsidwa milungu yochepa. Nthawi imeneyo ine ndinali mphunzitsi woyendayenda m'boma lina, njinga yakapalasa ndi chikwama cha mapepala, sukulu zoposa 10 zili pamutu panga.

Ntchito yaikulu ya woyendayenda inali kupeza ana. Ukafika pasukulu ahedi ankati, "Kuno olumala kulibe, aphunzitsi," ndipo sankanama dala, iwo ankaganiza za munthu wa ndodo kapena wa njinga. Koma ukaima kumbuyo kwa kalasi kwa ola limodzi unkawaona. Uyo akukopera kwa mnzake m'malo mwa pabolodi. Uyo amatembenuza mutu kuti khutu lamanzere liloze kwa mphunzitsi. Ndikukumbukira mtsikana wachialubino wa sitandade 3 amene ankakhala kumbuyo kwenikweni chifukwa anzake ankamukankhira kumeneko, chipewa atamuvula poti m'kalasi savala chipewa, kalasi lake lili panja padzuwa. Khungu la pakhosi linali litachita zilonda, ndipo aliyense ankati ndi wopanda nzeru. Palibe amene anali atauza aphunzitsi ake kuti pafupifupi mwana aliyense wachialubino saona patali. Sitinagule chilichonse. Tinamusamutsira kutsogolo, kumthunzi, tinagwirizana ndi ahedi kuti azivala chipewa ndi malaya aatali manja, ndinapempha aphunzitsi kuti azilemba zilembo zikuluzikulu ndi kutchula mokweza chimene akulemba. Teremu yotsatira anakhala nambala 6. Amayi ake anandithamangira ndi nkhuku kumsewu, ine n'kukana, iwo n'kuimangirira okha pakaliyala.

Si onse amene nkhani yawo inatha chotero, ndipo amene amandibwerera usiku ndi enawo. Panali mtsikana wina wopuwala miyendo amene amayi ake ankamubereka kumsana tsiku ndi tsiku mtunda wa makilomita 3, kumukhazika m'kalasi, n'kudzamutenga masana. Masamu ankawakhoza kuposa aliyense. Atafika sitandade 6 anasiya kubwera. Nditapita kwawo amayi ake anandiuza motsitsa mawu kuti mwana watha msinkhu, ndipo chimbudzi cha kusukulu n'chokumba, chothina, pansi pake ponyowa, choti iye amalowamo chokwawa ndi manja. Ali wamng'ono ankapirira, ankangosala madzi kuyambira m'mawa. Tsopano sakanatha. Ndinalemba makalata kumene ndinkayenera kulemba. Chimbudzi chokhala ndi khomo lalikulu ndi chogwirira chinadzamangidwa patapita zaka 4, iye atakwatiwa kale. Chimodzimodzi makina a Perkins a pasukulu ina, amene anathyoka kasipuling'i kamodzi n'kukhala m'kabati zaka ziwiri, ana 8 akulimbirana makina amodzi otsala, pepala la Braille litatha n'kumabaya pa makatoni a sopo odula ndi lumo.

Ana ochedwa kugwira zinthu ndiwo anakhala nthawi yaitali opanda wowalankhulira. Wosaona amaoneka, wosamva amadziwika ukamuitana, koma mwana amene wabwereza sitandade 1 kanayi ankangotchedwa mbuli, n'kumakwapulidwa mpaka atasiya yekha. Mu 1996 ku Montfort kunayamba gawo lachitatu la maphunziro, losula aphunzitsi a ana oterewa, ndipo zipinda za risosi zinayamba kutsegulidwa m'sukulu zambiri za boma, m'tauni ndi kumidzi. M'zipinda zimenezi muli ntchito imene munthu wothamanga mtima sangaithe: kuphunzitsa mwana kugwira pensulo, kumanga mabatani, kupempha kupita kuchimbudzi, kuwerenga zitsekerero za mabotolo kufika pa 5, lero, mawa, mwezi wamawa. Kufupi ndi kwathu komweko, ku Chisombezi, asisitere anatsegula malo a ana amene saona komanso samva, amene dziko lonse limawafikira kudzera m'chikhatho.

Malamulo anabwera pambuyo, ndipo anabwera ambiri. Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, lamulo la anthu aulumali linakhazikitsidwa mu 2012 nthawi ya Joyce Banda, unduna wa maphunziro unatulutsa ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021, ndipo mu 2024 panabwera lamulo latsopano. Bungwe la MANEB limakonza mayeso m'zilembo za Braille ndi m'zilembo zikuluzikulu, ndi kuwonjezera nthawi kwa amene akufunika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wina wake, ndipo achialubino analipo 134,636. Ndikayika manambala amenewa pambali pa koleji imodzi ya ku Nguludi, ndimamvetsa chifukwa chake mphunzitsi wapadera mmodzi amagawidwa ngati mchere wa pamaliro. Mawu akuti ana onse aphunzire limodzi ndimagwirizana nawo, pakuti ndi mmene mng'ono wanga anaphunzirira kalekale mawuwo asanatchuke. Chimene ndimakana n'kuwagwiritsa ntchito ngati chifukwa chosalembera aphunzitsi apadera, kapena chowapatsira kalasi la ana 100 kuti risosi azikaitsegula akapeza mpata. Ndipo nyumba zogona zija, zimene ena ankati zatha ntchito, zinaonekanso kufunika kwake kuyambira cha m'ma 2014, pamene achialubino anayamba kusakidwa ngati nyama, makolo n'kumaopa kutumiza mwana yekha panjira ya kusukulu.

Nguludi yasintha. Mu 2006 nyumba za koleji yakale ya aphunzitsi zinasanduka Catholic University of Malawi, kumene munthu angathe kutenga digiri ya maphunziro apadera, ndipo koleji ya aphunzitsi apadera ikupitirira pambali pake. Kumene kunali minda ya nandolo kwamera nyumba za lendi ndi timagolosale. Mng'ono wanga anakhoza mayeso ake, anagwira ntchito yolumikiza matelefoni pa ofesi ina mu Blantyre mpaka makina atsopano atailanda ntchitoyo, anaphunzitsa ana ake 4, ndipo lero ali ndi foni yomuwerengera mauthenga mothamanga moti ine sinditolapo kanthu.

Chaka chatha tinapita limodzi kumaliro a msuweni wathu, ndipo pobwerera anati tidzere kusukulu kwake. Anagwira chigongono changa kuyambira pamsewu, koma titangolowa pageti anachisiya n'kutambasula ndodo yake. Anandiuza kuti apa panali mtengo waukulu, audula, mphepo ikudutsa mosiyana. Tisanafike pakhomo la risosi anaima. Mkati munkamveka kugogoda kwa Perkins, kolemera, kodukizadukiza, kwa munthu amene akuphunzira kumene. Aphunzitsi a m'chipindamo, mtsikana wamng'ono kwa ana anga, anatilandira n'kutipatsa mipando. Pamakinapo panali kamnyamata ka zaka ngati 8.

"Iwe, tabweretsa pepala lakolo ndione," anatero mng'ono wanga.

Kamnyamatako kanasolola pepala, kanatsata kumene kukuchokera mawu, n'kulipereka ndi manja awiri katagwada. Iye analiyala pabondo, chala chikuyenda pang'onopang'ono, kenaka chinaima n'kubwerera.

"Apa umafuna kulemba chiyani?"

"Mayi, agogo."

"Walemba maye. Kadontho ka i wakaika mbali ya e. Bwera kuno, ndipatse chala chako."

Kanasendera pafupi. Iye anagwira kachala kaja, anakapukuta fumbi pamalaya ake a kumaliro, n'kukaika pachilembocho.